Kansalu ka Pachifuwa cha a Kachingwe

"Kuno musamaope Mswahili, mai. Muziopa amene akupatsani moni m'chiyankhulo cha kwanu."

Anandiuza mawu amenewa ndi a Kachingwe, tsiku limene ndinatsitsa katundu m'nyumba ino ya ku Kimara, kuno ku Dar, nditasamuka ku Temeke mwamuna wanga atamwalira. Sanandipepese za maliro, dzina sanandifunse. Anali atanjuta pakhomo la chipinda chawo, maso ali m'thireyi ya mazira yodzaza dothi, ndipo anayankhula osadzutsa mutu. Ndinawayankha kuti ngati zili choncho ndiyamba kuopa iwowo. Anaseka, nati: "Eya, mwayamba bwino."

Chenjezolo ine ndinalisunga. Eni ake ndiwo analitaya.

Mwezi uno wa Juni chakwana chaka chiwaikire m'manda. Amalawi anzathu a kuno akuti Lamlungu likubwerali pakhale chikumbutso: mpunga, nyama ya mbuzi, nyimbo. Anditumizira uthenga kuti ndikathandize kuphika, ati poti ine ndi amene ndinkamvana nawo. Ndawauza kuti mwendo ukundipweteka. Mwendo uli bwinobwino. Wofuna kuwadziwa a Kachingwe amve kwa ine amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku kuseri kwa katani, asamve kwa anthu amene adzaimirire mbale zili m'manja n'kumati malemuwa anali tate wa tonse.

Kwawo kunali ku Dedza, kumapiri kuja kumene m'mawa wa Juni munthu umalephera kumanga batani chifukwa zala zauma. Anabwera kuno ali mnyamata, akuyenda ndi malole, mpaka msana unakana. Akazi awo, aNabanda, ine sindinawapeze. Anali atamwalira kale. Mwana analipo mmodzi, wamwamuna, amene anamanga nyumba ya mpanda ku Tegeta, mumzinda momwe muno. Chichewa amamva koma amayankha m'Chiswahili, ndipo bambo ake ankawakumbukira pa foni Khisimisi ikafika. A Kachingwe ankadya za kadimba kawo ka m'khwawa kumunsi kwa nyumba yathu: bonongwe, mpiru, tomato, mabilinganya. Amayi a mabeseni ankabwera kudzapikula m'mawa.

Onse olima m'khwawamo amafesa panja, n'kuphimba ndi udzu, basi. A Kachingwe ayi. Mvula yaikulu ikangodula, chipinda chawo chinkasanduka nazale. Dothi ankalisefa ngati ufa, n'kusakaniza ndi mchenga ndi manyowa a nkhuku, kenako n'kuliwotcha m'phale kuti matenda afere momwemo. Likazizira ankalithira m'mathireyi a mazira ndi m'mabotolo odula pakati. Madzulo pophika ankatsamiritsa njerwa ziwiri m'mbali mwa mbaula. Chakudya chikapsa njerwa zija zatentha. Ankazikulunga m'chiguduli, n'kusanjika mathireyi pamwamba pake, n'kufunditsa zonse jekete lawo lakale la pa malole, lachikopa, long'ambika m'khwapa. Thireyi kuigoneka pa simenti chinali chonyansa kwa iwo. Ankati simenti ndi mbala yoyenda opanda nsapato, imaba kutentha munthu uli m'tulo. Madzi othirira sankatunga n'kuthira pomwepo. Ankayamba awaika padzuwa m'botolo, n'kuwayesa ndi chigongono monga timachitira posambitsa khanda. Dzuwa likafika pakhomo pawo ankatulutsa mathireyi aja n'kuwaika panjerwa, ndipo lisanayambe kuluma ankawakokera pamthunzi. Ine wotchi ndinalibe nayo ntchito. Ndikamva mathireyi akukhwekhwereza, ndinkadziwa kuti ndi nthawi yoti adzukulu anga anyamuke kupita kusukulu.

Anthu ankawaseka, makamaka madalaivala a kwathu amene amagona m'nyumba ino akamadikira katundu ku doko.

"Madala, kuno ndi ku Dar! Ife tikugona fani ili pamutu, inu mukufunditsa tomato jekete?"

"Akudwala malungo kapena? Timugulire mapiritsi?"

Iwo ankayankha kuti munthu wogona pa matiresi sadziwa zimene pansi pamachita kukamacha, ndipo kuti njere siopa dzuwa, siopanso mphepo; imaopa kusinthasintha, usana moto, mbandakucha madzi ozizira. Inenso ndinkaseka nawo mumtima. Chaka china ndinafesa mabilinganya anga m'beseni, n'kuliika pa simenti kuti ndiwatsutse. Anamera ndithu, koma mochedwa, mmodzi lero, wina mkucha, ena osatulukiratu. Sindinawauze. Anaona okha podutsa, natsokomola mwadala. Tinatha sabata osapatsana moni.

Koma zonsezi zinali zapamwamba chabe. Mtima wawo unali pa tsabola wa kambuzi.

ANabanda pobwera kuno anamanga tsabola wa m'dimba la amayi awo pa ngodya ya chitenje, ndipo mbewu imeneyo ndi imene a Kachingwe ankabzala chaka ndi chaka. Kambuzi ameneyu sanali ngati wa pamsika. Ukangomuswa fungo linkadzaza nyumba yonse, Mmalawi aliyense n'kumva njala ya kwawo. Njere zake zimavuta kumera, choncho njerwa sankazikhulupirira. Ankanyowetsa kansalu kong'amba pa chitenje cha malemu akazi awo, n'kuyala njere m'menemo pamodzi ndi makoko ouma a tsabolayo, ati mwana amadzuka msanga akamamva fungo la amake. Akatero ankakapinda, n'kukalowetsa m'kapepala ka pulasitiki, n'kukamanga ndi chingwe pachifuwa, m'kati mwa malaya. Ankayenda nako, kugona nako, mpaka timizu toyera titasuzumira. M'mawa ankakamasula pang'ono kuti kapume, n'kukauzira mpweya, n'kumakayankhulitsa motsitsa mawu. Ankati kwawo amayi okalamba ankachita zomwezo m'nyengo ya chisanu, kufungatira mbewu ngati thadzi. Ine ndinaziona chaka choyamba chomwe, poti pakatani panga palibe chimadutsa.

Musaganize kuti ndikunena za mngelo. Anali nkhalamba yaliuma, pakamwa pakuthwa. Tsabola ankapatsa aliyense waulere: dalaivala wopita ulendo ankanyamuka ndi kabotolo, mayi woyembekezera wolakalaka za kwawo ankalandira dzanja lodzaza. Koma asanakupatse ankang'amba mmodzimmodzi ndi kampeni, n'kukokolola njere zonse. Mbande za tomato ankagawa, za kambuzi ng'o. Ndinawapemphapo kamodzi. Anandiyang'ana ngati ndapempha chitenje cha akazi awo, nati anthu akapatsidwa mbewu amaibzala pafupi ndi tsabola wachabechabe, imakwatirana naye, mawa n'kumati kambuzi wa a Kachingwe ndi ameneyu. Ndinawauza kuti tsiku lina adzafa nayo mbewu yawoyo. Anati bola.

Koma chitseko chawo sichinkakhomedwa. Mmalawi aliyense wofika opanda pogona ankangokankha n'kuyala mphasa. Ndinkawakumbutsa chenjezo lawo lija. Ankati chenjezo anapereka kwa ine poti ndine mkazi wamasiye. Iwo alibe choti munthu angawabere.

Pa maliro awo amene analira kwambiri, amenenso ananyamula bokosi kutsogolo, anali Lakisoni. Lakisoni ndi dalaivala wa ku Ntcheu amene amachita lendi zipinda zakuseri ndi mkazi wake, mai a Pemphero. Nditamuona akupukuta misozi ndi chipewa ndinachoka pamanda mwambo usanathe, chifukwa ndikanalavula. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Chaka chimodzi a Kachingwe asanamwalire, mvula inagwa yoopsa. Madzi anasefukira m'khwawa n'kukokolola dimba lonse, pamodzi ndi mitengo ya kambuzi imene ankasungira mbewu. Chitini cha njere chimene chinali m'chipinda chinalowa chinyezi, njere zonse n'kuchita chuku. Chimene chinatsala ndi kamtolo kamodzi ka tsabola wouma kamene anakaiwala pa msomali kuseri kwa chitseko. Poti sanapatsepo munthu mbewu, kunalibe kwina kokapempha. Njere za kamtolo kameneko ndi zimene anamanga pachifuwa Juni wa chaka chimenecho, ndipo poti zinali zakale zinachedwa kudzuka. Anayenda nazo masiku ambiri, dzanja lili pamtima ngati munthu wodwala chifuwa.

Nthawi yomweyo n'kuti atakangana ndi Lakisoni, amene anathira oyilo wakuda m'ngalande yotsikira ku dimba. Nkhalamba inatukwana nyumba yonse kumva. Posakhalitsa lole ya Lakisoni inagwa pa phiri la Kitonga. Iye anapulumuka, koma ntchito inatha. Kenako Pemphero, kamwana koyamwa, anayamba kutentha thupi osasiya. Ndiye mai a Pemphero anaona a Kachingwe m'mawa wina akunong'oneza kansalu ka pachifuwa. Sanafunse. Anathamanga nayo nkhani kwa Amalawi onse kuyambira Kimara mpaka Temeke, kuti nkhalamba ili ndi chithumwa.

Anabwera Lamlungu masana, ena akadali m'zovala za kutchalitchi. Anadzaza bwalo lakuseri, pamene mwini nyumba, Bi Zuhura, mayi wachiswahili, ankakazinga nsomba pa mbaula.

"Madala, tatulukani. Tili ndi kankhani," anatero Lakisoni.

A Kachingwe anasuzumira. "Kankhani kamabwera ndi chigulu chonsechi?"

"Vulani malaya."

"Ndivule pamaso pa amayi awa? Iwe Lakisoni, anakulera ndani?"

Mai a Pemphero analumphira kutsogolo, mwana ali kumsana. "Musatizunguze mutu! Ndinakaona ndi maso angawa! Mumakanong'oneza m'mawa uliwonse. Mwana wanga akutha, inu mukungonenepa!"

Kunenepa! Munthu woti nthiti zinkawerengeka malaya ali pathupi.

Ndinatuluka kuseri kwa katani. "Ndi tsabola ameneyo, anthu inu. Njere za kambuzi. Amachita zimenezi chaka chilichonse."

"Inu agogo khalani chete," anatero bambo wina wa tayi, amene amatsogolera mapemphero. "Mukudziwa bwanji zimene zili pachifuwa cha mwamuna wosakhala wanu?"

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati mwina timauluka limodzi.

A Kachingwe anayang'ana nkhope imodziimodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene sanadyepo tsabola wawo, ndipo ambiri anagonapo pa mphasa yawo. Anamasula mabatani. "Chabwino. Ndimasula ndekha muone. Koma pang'onopang'ono, chonde. Zayamba kumera. Muzu ukathyoka, basi."

"Asamasule!" anakuwa mai a Pemphero. "Akamasula chitigwera ife!"

Lakisoni anatambasula dzanja n'kukoka. Chingwe chinaduka, n'kusiya mzere wofiira pakhosi pa nkhalamba. Anakankha chiwaya cha nsomba, n'kuponya kansalu kaja pa makala.

"Jamani, samaki wangu!" anakuwa Bi Zuhura, kulirira nsomba zake.

Kansalu konyowa kanalira kuti tsii, pulasitiki n'kukwinyika, utsi n'kufuka. Anthu anabwerera m'mbuyo kudikira kuti aone chotuluka. Woyamba kuyetsemula anali bambo wa tayi uja. Kenako wina, kenako bwalo lonse linali kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Fungo limenelo panalibe wolifunsa. Linali lija la m'mabotolo awo a paulendo, lija la pa ndiwo zawo za dzulo.

Bi Zuhura anakokera kansaluko pansi ndi supuni, n'kukafunyulula ndi chala cha kuphazi. Tinjere takuda, timizu topserera. "Kumbe pilipili tu," anatero, kuti kani ndi tsabola chabe, n'kutiyang'ana Amalawi tonse monga mmene umayang'anira agalu akulumana okhaokha.

A Kachingwe anamanga mabatani, limodzi n'kulilumpha, malaya n'kupendekeka. Anangoti: "Munkamukonda, si choncho?" Analowa m'chipinda. Tsiku limenelo ndinamva koyamba mpiringidzo ukugwa kuseri kwa chitseko chawo.

Mwana uja Bi Zuhura ndi amene anamutengera kuchipatala m'mawa mwake. Anali malungo, ndipo anachira. Pano akuthamanga pabwalo pompano. Wopepesa sanaoneke. Ine ndinkaganiza kuti anthu akazindikira kuti alakwa amabwera ndi shuga pang'ono, n'kukhala pansi. Ndinali ndisanadziwe. Munthu amene amadana nawe amabwerabe kudzakuona, ngakhale kudzaona ngati wafa. Koma amene ali nawe manyazi amazungulira njira. Madalaivala anayamba kulowera khomo lakuseri. Moni anasanduka wokweza dzanja uli patali. Ena anafika poti, komabe nkhalamba ija inali ndi kenakake, munthu wabwinobwino angayankhule ndi tsabola? Kunafunika kuti ikhale yolakwa ndithu, kuti iwo agone tulo.

Anthu atabalalika tsiku lija ndinatola kansaluko. Ngodya imodzi moto sunafike, ndipo munali tinjere tingapo tomatirira. Ndinagogoda.

"A Kachingwe, izi zatsala."

Anatsegula pang'ono, nayang'ana m'dzanja langa. "Ine pachifuwa pazizira, mai. Mangani inu, ngati simuopa kuwotchedwa."

Umu ndi mmene ndinalandirira mbewu imene anandimana zaka zonse zija. Ndinaisunga m'kamisolo, osauza ngakhale mwana wanga. Zinadzuka ziwiri. Imodzi inafa itangotulutsa masamba, inayo ndinaiwokera m'ndowa yobooka pansi pa zenera langa, poti khwawa sindilikhulupirira. A Kachingwe ankabwera kudzaiona ngati munthu wozonda mdzukulu wa eni: kuima patali, kulangiza mwaukali kuti ndathirira kwambiri, osaikhudza. Itabereka ndinawapatsa tsabola woyamba. Anamununkhiza, n'kumuika m'thumba la malaya. Sanadye.

Za tomato ndi mabilinganya anapitiriza, njerwa zomwe zija, jekete lomwe lija. Choncho Juni wotsatira, m'mawa umene dzuwa linafika pakhomo pawo mathireyi osakhwekhwereza, ndinadziwa pomwepo. Ndinagogoda, ndinaitana. Nditatsamira khutu pachitseko ndinamva kupuma kokoka ngati munthu akucheka thabwa. Anali moyo.

Lakisoni anali pabwalo akutsuka njinga yake yamoto, poti anali atayamba kunyamula anthu.

"Lakisoni, thyola chitseko ichi. Akufa m'menemu."

Anapukuta manja pa buluku, maso ali pansi. "Agogo, ine ndi madala aja mukudziwa mmene zinakhalira. Ndikakhudza chitsekocho, akafa adzati ndine."

Madalaivala awiri amene anagona m'nyumba muno anati nkhani ya chitseko ndi ya abale, tidikire mwana wawo. Mwanayo pa foni anati ali kuntchito, abwera akaweruka. Bi Zuhura anali atapita ku ukwati ku Temeke. Ndinatenga musi n'kumamenya ndekha, koma manja angawa ndi a nkhalamba, chitseko chinkangondibwezera. Amuna atatu a kwathu anaima n'kumandionerera, wina n'kumati agogo mudzipweteka. Dzuwa linali litafika pamutu pamene ndinakokera m'nyumba bambo wogulitsa makala pamsewu, Mswahili amene sankawadziwa n'komwe a Kachingwe. Sanafunse kanthu. Anamenya ndi phewa kawiri, mpiringidzo n'kuthyoka.

Tinawapeza pa mphasa atafunda kachitenje kong'ambikang'ambika ka aNabanda. Thupi linali lisanazizire. Njerwa ndizo zinali zitazizira kale, ndipo jekete linali pa mathireyi, lofunditsidwa bwinobwino mbali zonse. Musandifunse ngati zimenezo ndi nzeru. Ine ndikungonena zimene ndinaona.

Mwana wawo anafika madzulo pa galimoto yoziziritsa m'kati. Mathireyi anawataya kudzala mbande zili momwemo. Pogawa zovala za malemu, jekete linagwera Lakisoni, ati poti ndi amene anathamangathamanga kwambiri pa maliro. Amalivala m'mawa uliwonse pa njinga yake. Akuti limatchinga mphepo bwino.

Chipinda chija pano achita lendi amalonda, amasungiramo makatoni a sopo ndi mafuta ophikira odikira lole ya ku Malawi. Pachitseko pali loko wamkulu, ndipo thabwa limene linathyoka analikhoma ndi lata. Tsiku lina akutsitsa katundu ndinasuzumira. Mwaye wa mbaula ukadali pakhoma, msomali uja ukadali kuseri kwa chitseko, wopanda kanthu. Fungo ndi la sopo lokhalokha. Dzuwa limafikabe pakhomopo nthawi yake yomwe ija, n'kupeza simenti yokha. Mphaka wa Bi Zuhura ndi amene amagonapo. Kudimba kuja wina wamangako khola la nkhumba.

Njerwa ziwiri zija ndinatenga ine anthu asanaziganizire. Mwezi uno njere zili pachifuwa panga, zina zamera kale m'thireyi. Mwana wanga amachoka kusanache, adzukulu amapita kusukulu, ndipo Chichewa changa amachiyankha m'Chiswahili. Za tsabola alibe nazo ntchito. Chitseko ndimakhoma, inde, ndipo sindisiya. Ndiye inu amene mumadutsa ku Kimara, mpunga wa Lamlungu kadyeni, sindikuletsani. Chimene ndikupempha ndi ichi: dzuwa likafika pakhomo panga muziponya diso. Mukaona thireyi ili panjerwa, pitirirani, musandivutitse. Mukapeza njerwa zokha, gogodani, mutchule dzina lanu ndi la kwanu. Ndikapanda kuyankha musadikire wa ku ntchito, musafunsane kuti m'bale ndani. Thyolani.

Amene adzabwere ndikadali moyo ndidzamupatsa tsabola, dzanja lodzaza. Njere ndidzayamba ndachotsamo.